Mphepo Yabwino Imabwera Anthu Atathawa

Wezzie anayamba kudana ndi mphepo kumapeto kwa Okutobala, sabata imene anthu a ku England amabweza mawotchi m'mbuyo ngati kuti mdima umene anali nawo sunkawakwanira.

M'chilimwe zinthu sizinali choncho. Mwezi wa Juni mnzake wa kuntchito anamukokera ku dziwe lalikulu la ku Fairlop, kuseri kwa Ilford, kuti akayese masewera amene eni ake amati windsurfing. Munthu amaima pa thabwa pamwamba pa madzi, n'kugwira thanga kuti mphepo izimukankha. Wezzie, namwino wa ku Mzuzu amene ngakhale kusambira anaphunzirira ku London konkuno, anagwa m'madzi mpaka manyazi anamuthera. Akavuuka ankapeza dzanja lomwelomwelo likumudikira. Linali la Kasuba, mnyamata wa ku Lusaka, wamtali, woseka mosapupuluma.

"Usayangane mapazi, mwandi," ankatero m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Yangana kwamene ufuna kuyenda."

Wezzie anayang'ana, ndipo kumene ankafuna kupita kunali kwa Kasubayo. Chilimwe chonse ankakwera sitima ziwiri kuchokera ku Lewisham osamva kutalika kwa njira. Dzuwa linkachedwa kulowa, anthu ankawotcha nyama m'mbali mwa dziwe, ndipo madzi ankakhala ofunda ngati osambitsira mwana. Kasuba yekha ndiye ankadandaula.

"Iyi si mphepo, ni mpweya chabe," ankatero. "Yembekeza October. Mphepo yabwino imabwela bantu bakathawa."

Okutobala uja anafikadi, ndipo woyamba kuthawa anali Wezzie. Akadzuka tsiku lopuma ankapeza zenera litanyowa, kunja kuli bii. Akangoganiza za suti yalabala yolowera m'madzi, yothina, yozizira ngati chule, thupi lonse linkamubwerera m'bulangete. Ankalemba pa foni kuti ali ndi chimfine, sabata ina kuti amusinthira shifiti, sabata inanso kuti sitima sizikuyenda bwino.

Ku kalabu yawo ya kudziweko kunali lamulo limodzi la nyengo yozizira: munthu salowa m'madzi yekha. Aliyense amakhala ndi mnzake womuyang'anira, chifukwa madzi ozizira amaumitsa manja munthu asanakuwe n'komwe. Kasuba anamupempha kuti chaka chimenechi mnzakeyo akhale iye. Wezzie anamwetulira, n'kuyamba kukamba za nsapato zimene anaona ku Stratford. Ndi mmene analeredwera. Mawu oti ayi ankamulemera ngati thumba la chimanga, ndiye ankangowasiya pansi n'kudutsa chammbali. Kasuba anadikira, n'kudikira, kenako pa gulu lawo la pa foni panabwera chithunzi. Kasuba anali atakhala pa benchi, ndipo Cynthia, mtsikana wa ku Lusaka komweko amene sankaopa madzi a nyengo iliyonse, ankamuthirira tiyi kuchokera m'fulasiki. Pansi pake Cynthia analemba kuti: "Ine na partner wanga wa winter."

*

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Wezzie anapita ku Croydon kwa azakhali ake, a Rabecca. Mayi amenewa ndi amene anamulandira pa bwalo la ndege, kumugulira jekete loyamba ndi kumusunga mpaka atapeza pokhala. Kumudzi anawauza kuti, "Mwanayu ndi wanu," ndipo iwo mawuwo anawatenga monga analili.

Chithunzi chija anali atachiona kale. Nkhani za pa foni siziyenda pa basi.

"Ndiye mkamwini wathu wam'madziyu ndi ameneyu?" anafunsa a Rabecca akukhuthulira mpunga m'mbale. "Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Ine ndakhala dziko lino zaka zambiri. Kuli amuna a summer kuno. Dzuwa likatuluka amakukonda mpaka kukulembera ndakatulo. Masamba akayamba kuyoyoka, nawonso ayoyoka."

"Si choncho, anti. Ndi lamulo la kumeneko, munthu salowa yekha."

"Lamulo lake limanenanso kuti azithirirana tiyi?"

Wezzie anayang'ana m'mbale. Mumtima munkamuwawa, chifukwa funso limeneli anali atadzifunsa yekha sabata yonse.

"Biswick wabweranso kudzandiona," anapitiriza a Rabecca. Biswick anali mnyamata wa ku Zomba, woimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo, munthu amene ngakhale m'chilimwe ankavala tayi. "Akuti amalume ake ali okonzeka kubwera kudzagogoda. Munthu wa kwathu, wodziwa mwambo. Wakoyu miyezi yonseyi wapondapo pakhomo pano?"

"Simunamuitanepo."

"Chabwino, ndimuitana."

Pa TV ankaonetsa zanyengo za sabata yonse. A Rabecca anasiya kutafuna n'kuyang'anitsitsa mivi yambiri imene inkaloza ku London kuchokera kumadzulo. M'chilimwe Wezzie mwini ndiye anawafotokozera, monyadira, kuti Kasuba akaona mivi yotere sagwirika, ngakhale phwando amalisiya.

"Lamlungu likubwerali, masana," anatero a Rabecca. "Abwere adzaonekere. Koma akapanda kubwera, usadzandiuze kuti ndine wouma mtima."

Wezzie anaona m'maganizo dzanja la Cynthia pa fulasiki ija, ndipo mkwiyo unamulankhulira.

"Akapanda kubwera, chitani zimene mukuona kuti n'zabwino, anti."

"Wanena wekha," anatero a Rabecca, n'kumuwonjezera nyama.

*

Ali mu tramu, kasitima koyenda mumsewu, Wezzie anamulembera Kasuba. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Anti akufuna kukuona Lamlungu. Ngati partner wako angakulole."

Yankho linachedwa mpaka tramu itafika ku siteshoni.

"Nkhani ya bakulu sitikamba pa phone. Bwela ku dziwe pa Saturday."

"Kukuzizira."

"Niziba."

Mawu amodzi okhawo. Wezzie anawayang'ana njira yonse ya ku Lewisham, akufunafuna mkati mwake chipongwe kapena chifundo, koma sanapezemo chilichonse chogwirika. Loweruka m'mawa anakhala nthawi yaitali m'mphepete mwa bedi, sokosi imodzi ili m'manja. Bulangete linkamuitana ndi mawu okoma. Chimene chinamudzutsa si chikondi ayi, tisamunamizire. Inali nsanje.

*

Dziwe limene anapeza silinali lija la m'chilimwe. Mitengo inali mbulanda, udzu uli matope okhaokha, ndipo pamene pankakhala anthu owotcha nyama panali mbalame zoyera zitafutukuka nthenga. Madzi anali otuwa, akuwinduka. Pamwamba pake pankathamanga mathanga ochepa, mwaliwiro limene Wezzie anali asanalionepo.

Woyamba kumuona anali Cynthia, amene ankatuluka m'madzi atanyamula thabwa, milomo itachita buluu koma akumwetulira.

"Ah, ni uja wa summer!" anatero. "Wasoba njila, sisi? Braai inasila kudala."

"Ndabwera kudzaona Kasuba."

"Muone, ali apo." Cynthia analoza benchi ndi chibwano. "Kapena iwe uzakwanisa. Ine nalema. Abwela, amanga thanga, avala suti, manje ankala chabe kuyangana njila ya ku station monga mwana wamene bamusiya ku crèche. Mwezi wonse sanangene m'madzi." Anaika thabwa pansi n'kumuyang'ana Wezzie m'maso. "Nikuuze chilungamo. Ngati sumufuna, kamba. Benangu tilipo, ndipo sitiyopa mphepo."

Wezzie anatembenukira ku benchi kuja. Mawu oti mwezi wonse anamulowa mpaka m'mafupa, kuposa kuzizira.

Kasuba anali atakhala pa benchi yomwe ija ya pa chithunzi, manja ali m'khwapa. Atamuona sanadumphe. Anangosendera kuti amupatse malo.

"Wa ku Mzuzu kuyopa mphepo," anatero. "Si ndiwe unaniuza ati kwanu mumayenda ku sukulu mu nkhungu, mulibe na jersey?"

"Kuzizira kwa kwathu kumatha dzuwa likakwera. Kwa kunoku kulibe ulemu."

Anaseka pang'ono onse awiri, kenako kuseka kunatha.

"Bwanji sukulowa m'madzi?" anafunsa Wezzie.

Kasuba anayang'ana thanga lake limene linali gone pa udzu, mphepo ikulipupiza.

"Winter yanga yoyamba muno inanipaya, Wezzie. Nenze na room ing'ono ku Ilford. Nichoka mu mdima, nibwela mu mdima. Pa weekend sinenze kusegula na curtain. Ba mami batuma phone, nibauza ati nili bwino, koma nenze nasiliza masiku osakamba na muntu. Mudala winangu wa ku nchito ndiye ananidonsa kunileta kuno mu January. Ninagwa m'madzi, ninakuwa monga mbuzi. Koma pamene ninachoka, ninamvela njala. First time mu miyezi, ninamvela njala, ninafuna kudya, ninafuna kuseka."

Wezzie anali asanamvepo zimenezi. M'chilimwe munthu sakamba za mdima.

"Mu summer nimabwela chifukwa nifuna," anapitiriza Kasuba. "Mu winter sinimafuna, olo pang'ono. Bantu baganiza ati ise sitimvela mphepo. Timamvela. Chovuta si madzi, chovuta ni kuchoka pa bed. Ukafika kuno, ukangena, vonse vasila. So nimazikakamiza, chifukwa niziba kwamene ningabwelele nikaleka. Manje chaka chino..." Anapukusa mutu. "Chaka chino nifika, nimanga thanga, niyangana njila. Nikaona ati subwela, mphamvu yasila."

"Ndimaopa, Kasuba," anatero Wezzie, ndipo anadabwa kumva mawuwo akutuluka osawakongoletsa. "Si chimfine, si shifiti. Ndimadana ndi madzi ozizira. Sindikufuna kulowamo mpaka dzuwa lidzabwerere. Ndimachita manyazi kukuuza, ndimaganiza kuti uziona ngati ndinkangokunamiza m'chilimwe monse muja."

"Ndiye chamene unabisa?"

"Eya."

"Iwe mwana iwe." Kasuba anagwira kumaso ndi manja onse awiri. "Sinakupemphe kuti ungene m'madzi. Partner angankale pa mtunda na jacket ziwili na tea. Nchito yake ni imozi chabe: kusachosa maso pali ine. Nikagwa, nikachedwa kuuka, aitana boat. Ninakupempha kuti uzinipenya. Iwe unayamba kukamba za nsapato."

Wezzie anamva manyazi ndi chisoni pamodzi. Mwezi wathunthu anthu awiri akuvutika, wina ku Lewisham wina ku Ilford, chifukwa cha mawu amene akanatha kunenedwa pa mpweya umodzi. Mbewa ya manyazi inafera ku una, ndipo iye anatsala pang'ono kufera momwemo atafunda bulangete.

"Lowa," anatero Wezzie. "Ndikuyang'ana."

Kasuba analowa. Poyamba thanga linagwedera, kenako mphepo inaligwira, thabwa linadzuka n'kuyamba kuuluka pamwamba pa madzi likusiya mzere woyera kumbuyo. Wezzie anaimirira osadziwa kuti waimirira. Zala za kumapazi zinali zitafa, mphuno ikuchucha, koma maso sanawachotse. Pamene Kasuba anagwa kutali uko, mtima wake unaima mpaka mutu utavuuka ndipo dzanja litakwezedwa kuloza kwa iye. Apo ndi pamene anamvetsa kuti zimene ankasewera m'chilimwe zija zinali nthabwala chabe, ndipo munthu amene anamukonda pa dzuwa anali theka lokha la munthuyu.

Atatuluka, akunjenjemera ndi kuseka, Wezzie anamufunditsa jekete lake n'kumukumbutsa za mawa. Kasuba anatulutsa foni m'chikwama, n'kuyang'ana zanyengo, n'kuimba kaluzu.

"Mailo? Mphepo ya mailo ni ija timayembekeza chaka chonse. Ba aunt bako baziba kusanka siku."

"Ndiye subwera?"

"Nizabwela. Mphepo izabwela futi. Ba aunt baitana kamozi."

Wezzie anatsegula pakamwa kuti amuuze za Biswick, ndi za mawu amene anawasiya m'manja mwa azakhali ake. Koma Kasuba ankaoneka wosangalala kwambiri, madzi akutsika m'masaya, ndipo Cynthia anali chapafupi akupinda thanga ndi makutu onse awiri. Anadziuza kuti palibe chifukwa. Kasuba akubwera, ndiye nkhani ya Biswick yafa yokha.

*

Lamlungu mphepo inadzuka ndi ukali wake wonse. M'misewu ya ku Croydon migolo ya zinyalala inali itagwa, maambulera akutembenuka m'manja mwa eni ake. Kasuba anamutenga Wezzie ku Lewisham pa galimoto yake, atavala suti yakuda imene inkamuthina m'mapewa. Pa mpando wakumbuyo panali chitenje chatsopano chokutidwa bwino, mphatso ya azakhali. Pa denga la galimoto, pamene nthawi zonse pankakhala thabwa, panali zitsulo zokha zikulira ndi mphepo.

Foni ya Kasuba inalira ali pa maloboti. Wezzie anaona dzina la Cynthia ndi uthenga wake: "Mphepo ni ya mahala kuno! Nakusungila malo, ngati wasintha nzelu." Kasuba anaitembenuza chafufumimba, ndipo Wezzie anamukonda kwambiri pa mphindi imeneyo kuposa tsiku lililonse la m'chilimwe.

Anagogoda. A Rabecca anatsegula atavala chilundu chawo cha pa zikondwerero, duku lili ngwi, kumaso kuli mwee. Ataona amene anaima kumbuyo kwa Wezzie, kumwetulira kuja kunazima ngati kandulo.

"Mwabwera?" anatero, mawu ali pansi. "Ndi mphepo imeneyi?"

"Nabwela, amayi," anatero Kasuba akuwerama, manja ali pamodzi. "Munaniitana."

Wezzie anali atayamba kale kuvula nsapato pamene anaona zimene zinali m'khonde. Nsapato zachimuna, zopolishidwa, zitandandalikidwa kukhoma. M'chipinda chochezera munkamveka makapu ndi mawu a amuna, ndipo pakati pa mawuwo panali kuseka kwaulemu kwa Biswick.

"Anti," ananong'ona, "mwachita chiyani?"

"Ndachita zimene unandiuza," ananong'onanso a Rabecca, ndipo kwa nthawi yoyamba Wezzie anaona mantha m'maso mwawo. "Ndinkadziwa kuti sabwera. Ndaona mitengo mmene ikugwedezekera m'mawa, ndawaimbira kuti bwerani, mwana walola. Amalume a Biswick achokera ku Luton. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu, Wezzie. Ndagwira mwendo wako."

Asanayankhe, m'khondemo munatulukira bambo wachikulire wa imvi, kapu ili m'manja, nkhope yodzaza chimwemwe.

"Eee, ndi ameneyu mtengwa wathu? Fika, mama, fika, takudikira." Kenako anaona Kasuba. "Nanga achimwenewa?"

"Ndi a galimoto," anayankha a Rabecca msangamsanga. "Angomuperekeza, poti masitima lero ndi mphepoyi sakuyenda bwino."

Bambo uja anayang'ana Wezzie. A Rabecca anayang'ana Wezzie. Kasuba nayenso anamuyang'ana, mwakachetechete, monga mmene anakwezera dzanja dzulo ali pakati pa madzi. Mawu anali pomwepo pa lilime: ayi, uyu ndi Kasuba, ndi amene ndikumufuna. Koma kutsogolo kwake kunali mayi amene anamugulira jekete loyamba, ndipo Wezzie chibadwire anali asanatsutsepo wamkulu pamaso pa alendo. Anameza malovu kuti ayambe bwino, kuti apeze mawu osapweteka aliyense. Anachedwa ndi mpweya umodzi wokha.

Kasuba anagwetsa maso. Anapereka chitenje chija kwa a Rabecca ndi manja awiri.

"Baiwala ichi mu motoka, amayi," anatero. Kenako anaweramira bambo uja. "Inde, atate. Nabapelekeza chabe."

Anatembenuka n'kutsika masitepe. Mphepo inamuvundulira jekete la suti pamene ankatsegula chitseko cha galimoto, ndipo sanayang'ane m'mbuyo. Wezzie ankadziwa kumene akupita, ndiponso ankadziwa amene adzamuyang'anire akalowa m'madzi.

"Tseka chitseko, mama," anatero bambo uja mokoma mtima. "Ukutilowetsera mphepo."

Injini inalira. Wezzie anali chiimire pakhomo, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja.